Foni yaikulu m'dilowa, kafoni m'thumba: zolemba za telala wa ku Fordsburg

Ndimasoka zovala ndi makatani m'kashopu kena ku Fordsburg, pafupi ndi Oriental Plaza. Timakhala ku Mayfair ndi mayi a kunyumba komanso mwana wathu wamkazi amene ali Grade 4. Kwathu ndi ku Balaka. Chaka chino cha 2025 ndakhala ndikuchepetsa nthawi imene ndimakhala pa foni, ndipo zonse ndimazilemba m'kope: zimene ndagula, ndalama zake, pamene zavuta ndi mmene ndakonzera. Ndazikopera pano chifukwa abale ambiri kuno ku Joni akaona kafoni ka mabatani m'manja mwanga amandifunsa mmene zikuyendera, ndipo ambiri amayesa kuti ukangogula kafoni ndiye kuti watha. Mitengo ndi imene ndinalipira ineyo, inu mukhoza kupeza yosiyana.

10 Febuluwale 2025: kuona kaye pamene nthawi ikupita

Mafoni a Android ali ndi gawo lotchedwa Digital Wellbeing, mu Settings, limene limasonyeza maola amene wakhala pa foni tsiku lililonse komanso pulogalamu imene yadya nthawiyo. Sabata yathayi masiku ambiri ndinapitirira maola 6. TikTok ndi Facebook ndi amene anatenga gawo lalikulu, kenako magulu a WhatsApp. Zokhudza ntchito sizinafike ndi ola limodzi lomwe.

Zotsatira zake ndimaziona ndi maso. Buluku lofunika kungopinda m'munsi likugona pa shopu, mwini wake kubwera kawiri osalipeza. Kugona cha m'ma 1 koloko usiku. Mwana akafunsa za homuweki ndikumuyankha maso ali pa foni. Data ikundidyera R420 pamwezi, mayunitsi oimbira cha m'ma R30.

Ndalemba mbali ziwiri m'kope. Mbali ina zimene foni imandichitira ndipo sindingazisiye: zithunzi za masitayilo a makasitomala, banki, kutumiza ndalama kumudzi, kulankhula ndi amayi, gulu la maliro, gulu la kusukulu kwa mwana. Mbali inayo zimene ndikufuna zichoke.

15 Febuluwale: zogula ndi nkhani ya SIM

Kafoni ka mabatani, kaja kwathu timati mose wa lero, kokhala ndi tochi ndi wailesi: R329. Wotchi ya alamu yoyendera batire: R75, popeza alamu ndi imene inkachititsa kuti foni igone kumutu kwa bedi. Kope lachikuto cholimba la masamba 192: R28.

Dongosolo langa ndi lakuti nambala yakale, imene makasitomala amaidziwa, ilowe m'kafoni, ndipo foni yaikulu ilandire SIM ina ya data yokha. Ambiri amaopa kuti WhatsApp ichoka akachotsa SIM. Sichoka. Imapitiriza kugwira ntchito pa nambala yakale malinga foniyo ili ndi intaneti, ndipo tsiku limene idzafune khodi yatsopano, khodiyo idzabwera pa SMS m'kafoni, n'kungoikopera.

SIM yatsopano kuno iyenera kulembetsedwa motsatira lamulo la RICA, ndipo amafuna pasipoti ndi umboni wa kumene ukukhala. Ife okhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba za eni tilibe bilu yokhala ndi dzina lathu. Ndinapita ku polisi kukalemba afidaviti, ndipo salipiritsa. Ma SIM ogulitsidwa m'misewu atalembetsedwa kale ndi osavuta kugula, koma akatayika sungathe kubweza nambala chifukwa siili m'dzina lako. Ndinawapewa.

SIM yanga yakale inali yodulidwa kakang'ono kwambiri moti inkagwedera m'kafoni. Kapulasitiki koikamo kanandidyera R10. Vuto lalikulu linali la manambala a anthu. Onse anali mu akaunti ya Google, choncho kafoni kanangoonetsa mayina ochepa akalekale amene anatsalira pa SIM. Ndayamba kuwalemba m'kope ndi manja, kenako n'kumawalowetsa m'kafoni. A kumudzi muziwayamba ndi +265 n'kuchotsa 0 wakutsogolo, apo ayi foni sidutsa.

21 Febuluwale: kusiya foni kunyumba sikunathandize

Sabata ino foni yaikulu ndimaisiya kunyumba, ine n'kupita kuntchito ndi kafoni. Zakanika. Kasitomala akafika amangoti "ndakutumizirani kale chithunzi," ine ndilibe poonera. Amene timagulako nsalu nawonso amatumiza zithunzi za katundu watsopano masana, ukachedwa anzako atenga.

Choipa kwambiri chinali madzulo. Ndikafika kunyumba ndinkapeza mauthenga a tsiku lonse atadzaza, n'kukhala pansi kuwayankha, kuchoka apo n'kulowa TikTok. Maola aja sanachepe kwenikweni, anangosamukira ku nthawi imene ndinkafuna kukhala ndi banja. Ndatembenuza dongosolo: foni yaikulu ndi chipangizo cha ntchito, ndiye izikhala ku shopu ndi kugona komweko.

24 Febuluwale: magetsi

Kuchokera kumapeto kwa Malichi 2024 mpaka kumapeto kwa Januwale chaka chino magetsi sankazimitsidwa mosinthanasinthana, ndipo ambiri tinaiwala za ndandanda. Dzulo Lamulungu kuzimitsako kunafika pa Stage 6 (kuno amazimitsa m'masiteji, siteji ikakwera maola a mdima amachuluka). Pulogalamu ya EskomSePush, imene imandiuza maola a dera lathu, inali m'foni yotsekeredwa ku shopu. Lero ndalawirira m'mamawa kuti ndimalize madiresi, ndapeza mdima, makina ndi simbi zonse zili duu.

Ndakopera ndandanda ya dera la shopu ndi la kunyumba pa katoni, imodzi ndakhoma kuseri kwa chitseko kunyumba, ina pamwamba pa tebulo lodulira. M'mawa ndizimvera nkhani pa wailesi ya kafoni kuti ndidziwe siteji imene tili. Ntchito ya manja, monga kudula, kusoka mabatani ndi kupinda ndi singano, ndiziisungira maola opanda magetsi. Pa mbali iyi kafoni kandithandiza: batire yake imakhala masiku angapo osatchaja, ndipo tochi yake ndi imene tinadyera nsima usiku wa dzulo.

8 Malichi: loko, zithunzi zosindikiza ndi mtundu wa nsalu

Foni ikakhala pa tebulo dzanja limapita lokha. Digital Wellbeing ili ndi malire a nthawi amene umaikira pulogalamu iliyonse, koma amene waika malirewo ndi yemweyo amene angawachotse, ndipo kuchotsa kwake ndi kwa masekondi. Sanandithandize. Ndachotseratu TikTok ndi Facebook m'foni. Ndagula loko wa R45 ndi kachitsulo kokolekapo lokoyo ka R30, ndakhoma pa dilowa ya tebulo. Kiyi amasunga mnzanga wa ku Mangochi amene timasoka limodzi. Dilowa imatsegulidwa 8 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndi 5 koloko madzulo, mphindi ngati 20 nthawi iliyonse.

Facebook sindinaitaye yonse, chifukwa makasitomala ena anandipeza kumeneko. Zithunzi za ntchito yanga ndimaziika Loweruka lokha, kudzera pa Chrome.

Anthu ambiri amalangiza kuti uchotse mitundu pa sikirini, zonse zizioneka zakuda ndi zoyera, kuti foni isamakope maso. Kwa wina zikhoza kuthandiza. Kwa telala ayi. Mayi wina anatumiza chithunzi cha madiresi a operekeza mkwatibwi, ndipo pa sikirini yopanda mtundu nsalu yobiriwira modera ndi yofiira modera zimaoneka chimodzimodzi. Mazipi ndi ulusi za R160 zimene ndinagula zinali za mtundu wina, ndipo ogulitsa sabweza ulusi woyamba kale. Mitundu ndaibwezeretsa.

Njira imene yagwira ndi iyi. Chithunzi cha sitayilo chikabwera ndimakachisindikiza pa shopu ya fotokope yapafupi, R5 pepala la mitundu. Pepalalo ndimalibaya ndi pini pamodzi ndi kachidutswa ka nsalu yeniyeniyo, miyezo n'kulemba kuseri kwake, kasitomala n'kusaina m'kope. Mtundu ndimatsatira wa kachidutswako, chifukwa inki ya fotokope nayo imasintha mitundu. Phindu lina limene sindinaliyembekezere ndi lakuti mikangano ya "sindinanene choncho ine" yachepa, pepala limakhala pomwepo.

29 Malichi: ntchito yaikulu yandidutsa

Mwezi uno ndi wa Ramadan, ndipo kuno ku Fordsburg ndi Mayfair matelala timakhala pa mpanipani, aliyense akufuna zovala ndi makatani atsopano Eid isanafike. Mayi wina analemba cha m'ma 9 koloko m'mawa kufunsa ngati ndingasoke makatani a nyumba yonse. Ndinauona uthengawo 1 koloko. Poimba foni anandiuza mwaulemu kuti apereka kale kwa wina. Ya manja yokha ikanakhala pafupifupi R2,500, ndalama ya lendi imeneyo. Zinandipweteka ndipo usiku umenewo ndinaganiza zosiya zonsezi.

M'malo mosiya ndasamukira ku WhatsApp Business, imene ndi yaulere ndipo imatha kuyankha yokha munthu akalemba. Musanasamuke sungani kaye mauthenga anu akale mu Google Drive. Yankho langa ndalilemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi: "Ndili pa makina. Mauthenga ndimawaona 8 koloko, 1 koloko ndi 5 koloko. Ngati n'zachangu imbani nambala yomweyi, ndiyankha."

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe. Yankholi limapita pokhapokha foni ili yoyaka ndipo ili ndi intaneti, choncho m'dilowamo foni imakhala pa chaja, data ili yotsegula. Ndinaboola kabowo kumbuyo kwa dilowa kodutsa waya. Kuti data isathere m'mavidiyo a m'magulu, ndatseka zoti zithunzi ndi mavidiyo zizilowa zokha. Chachiwiri, yankholi silipita m'magulu, limangoyankha munthu amene wakulembera pawekha.

Makasitomala achikulire amaimbadi. Achinyamata ambiri sakonda kuimba, akaona kuti sunayankhe amangolembera telala wina. Amenewo ena ndiziwataya ndithu, ndipo ndavomereza.

14 Epulo: maliro

Izi ndi zimene zandivuta kuposa zonse.

Tili ndi bungwe la anthu a kwathu lothandizana pa maliro. Timasonkha mwezi ndi mwezi, ndipo wina akatisiya timathandiza kuti thupi lipite kumudzi. Ulendo wake ndi wautali: Beitbridge, kudutsa Zimbabwe yonse mpaka Nyamapanda, kenako Tete, n'kukalowa pa Mwanza. Pamafunika mapepala, bokosi, galimoto ndi operekeza, ndipo zonsezi zimakambidwa mwachangu pa gulu la WhatsApp.

Loweruka madzulo, nditatseka kale shopu, pa gulupo panalengezedwa kuti bambo wina wachikulire wa kwathu watisiya. Lamulungu anthu anasonkhana ku Rosettenville kukapepesa ndi kupemphera. Ine ndaziona lero m'mawa potsegula dilowa. Bambo amenewa ndi amene anandisunga m'chipinda mwawo nditangofika kumene ku Joni, ndisanapeze ntchito.

Masana atcheya a bungwe anafika pa shopu. "Achimwene, dzulo tinakusowani. Maliro n'kulirana," anatero. Ndinawafotokozera za foni. Anamvetsa, koma anandiyankha mosabisa: "Ifetu tilipo ambiri. Sitingaimbire munthu mmodzimmodzi chifukwa choti wasankha kutseka foni yake." Akunena zoona. Chisankho ndi changa, ndipo sichiyenera kukhala ntchito yowonjezera kwa anthu amene ali kale pa chisoni.

Tagwirizana motere. Abale awiri a m'bungwemo, amene timakhala moyandikana, azindiimbira kapena kunditumizira Please Call Me pakakhala maliro, matenda aakulu kapena wina akamangidwa. Ine ndatenga udindo wouza akuluakulu ena a m'bungwe amene alibe WhatsApp, amene nthawi zonse ankamva nkhani mochedwa popanda wowaganizira. Ndiziwaimbira ndi mayunitsi anga. Komanso kuyambira sabata ino foni yaikulu izibwera kunyumba Loweruka madzulo, izikhala pamwamba pa kabati, ndipo ndiziiona Lamulungu m'mawa ndi masana. Thupi linyamuka mkati mwa sabata, ndipo ndikakhala nawo powaperekeza.

27 Epulo: amayi

Amayi alibe foni yaikulu, amalankhulira pa ya mchemwali wanga. Kale ankandipeza nthawi iliyonse, ngakhale kwa mphindi ziwiri, kungofuna kuona mdzukulu wawo atavala yunifolomu. Chiyambire dongosololi mafoni awo a WhatsApp akhala akulira m'dilowa.

Ndinayesa kuwaimbira mwachindunji ndi kafoni. Mayunitsi a R50 anatha tisanamalize ndi nkhani ya chimanga chimene akukolola. Mawu amene ndinawamva bwino foni isanaduke ndi akuti, "Kodi mwananga, takulakwira chiyani kuti ungoti zii chonchi?"

Kumudzi munthu akasiya kuyankha foni saganiza za maola a pa sikirini. Amaganiza kuti wadwala, wamangidwa, kapena wawataya. Ndinayenera kufotokoza bwinobwino, kwa amayi, kwa mchemwali wanga ndi kwa amalume.

Tsopano tapangana Lamulungu lililonse 3 koloko masana. Mwayi wake nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, palibe zowerengera. Mchemwali wanga amapita nawo cha kumsewu kumene netiweki imagwira bwino, ndipo ndimamuwonjezera ndalama yokwana ngati R40 pamwezi ya bandulo. Pakakhala zadzidzidzi amangoflasha kafoni, ine n'kuimba mwachidule. Kucheza kwa Lamulungu kumakhala kwautali ndiponso kodekha, timafika mpaka pa nkhani za mbuzi ndi za denga la khitchini. Koma timafoni tija tosapangana, ta mphindi ziwiri, amayi akutisowa ndipo anena. Pamenepa sindinapeze pokonzera.

31 Meyi: ndalama, ndi katundu amene anagwera mayi a kunyumba

Kutumiza ndalama kumudzi kumatheka ndi kafoni. Ndimagwiritsa ntchito Mukuru poimba *130*566#, ndikapanga oda ndimakalipira ku Shoprite kapena ku PEP, ndipo mchemwali wanga amalandira pa Airtel Money. Banki yanganso ili ndi nambala yotere yoonera ndalama ndi kugulira magetsi. Manambala oyamba ndi *120* amadya mayunitsi, oyamba ndi *130* sadya. Ndondomeko zoterezi zimatseka zokha ukachedwa kuyankha, choncho lembani kaye papepala nambala ya wolandira ndi kuchuluka kwa ndalama musanayambe. Malipiro ena a banki amafuna kuvomereza pa pulogalamu ya m'foni yaikulu, amenewo ndimawasungira 1 koloko. Kasitomala akalipira ku akaunti, SMS ya banki imafika m'kafoni, ndipo sindipereka katundu poona chithunzi cha risiti chokha.

Nkhani yaikulu ya mwezi uno ndi ya kunyumba. Abale ataona kuti sindikupezeka madzulo anayamba kulembera mayi a kunyumba. Achimwene anga akafuna ine, kwa iwo. Gulu la kusukulu, la kutchalitchi, alandilodi, onse kwa iwo. Bandulo yawo inayamba kutha mwezi usanafike pakati. Iwonso amagwira ntchito ya m'nyumba kwa eni tsiku lonse, amafika atatopa. Tsiku lina tikudya anandiuza kuti, "Bambo, inu mwapumadi, koma katundu yense mwanditula ine."

M'kope langa munalibe mzere wa zimenezi. Ndinkawerengera maola anga ndi ndalama zanga zokha. Amene mukufuna kuyamba, khalani pansi ndi a kunyumba kwanu musanagule ndi kafoni komwe, chifukwa mauthenga amene mukuwathawa sasowa, amapita kwa amene ali nanu pafupi.

Takonza motere. Ndimawapatsa R100 pamwezi ya data. Abale a mbali yanga ndawaimbira mmodzimmodzi kuwauza kuti za ine aziimba kafoni kapena adikire 8 koloko m'mawa, asavutitse mlamu wawo. Gulu la kusukulu ndalitenga ine, ndimaliona 5 koloko ndisanatseke shopu ndipo zofunika ndimalemba m'kope. Foni yawo ndi yawo, sindinawapemphe kuti atsatire malamulo anga. Mwa okha anayamba kuiika pa kabati nthawi ya chakudya.

5 Julayi: madzulo a nyengo yozizira

Johannesburg ili pamtunda wopitirira mamita 1,700, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi si kwamasewera. Dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, madzulo n'kutalika. Masabata oyambirira nthawi imeneyi inkandisowetsa mtendere, dzanja kumangopita m'thumba. Kuchotsa foni osaikapo china m'malo mwake sikukhalitsa.

Mwana wathu amalankhula Chichewa koma kuwerenga kumamuvuta, poti kusukulu amaphunzira m'Chingerezi. Tayamba kuwerenga limodzi Baibulo la Chichewa ndi buku la nyimbo tikatha kudya, ndime zochepa patsiku. Loweruka timasewera bawo ndi aneba athu a ku Machinga. Ndimagona 10 koloko. Ku shopu zovala zikutuluka tsiku limene ndalonjeza, ndipo maso sakuwawa madzulo ngati kale.

Chimene ndikusowa ndi mpira wa kwathu. Bullets ndi Wanderers zikakumana ndimamva zigoli mochedwa, anzanga atamaliza kale kunyozana. Wailesi ya kafoni imagwira za kuno zokha, monga Ukhozi FM ndi Metro FM. Zodiak ndi MBC zimafuna intaneti. Ngakhale Channel Africa, imene imaulutsa m'Chinyanja kuchokera ku Auckland Park konkuno, pa FM sipezeka.

16 Ogasiti: kukapereka makatani ku Randburg

Ndinakwera takisi pa depoti ya Bree, m'tauni, ndi chikwama cha makatani, njira nditalemba papepala. Pamene ndinatsikira sipanali pamene ndinayenera kutsikira, ndipo m'madera amenewo mipanda ndi yaitali, munthu woyenda pansi woti umufunse ndi wosowa. Popanda mapu ndinazungulira nthawi yaitali mpaka ndinaimbira mwini nyumba kuti adzanditenge pa filing'i siteshoni. Pobwerera kunali kutada, ndipo ndi kafoni sungaitane Uber kapena Bolt. Ndinaima pamsewu chala m'mwamba mpaka takisi ya m'tauni inapezeka.

Lamulo latsopano: tsiku lokapereka katundu kapena kukayeza mawindo foni yaikulu ndimayenda nayo, ili pansi pa chikwama. Mapu a Johannesburg ndawasunga m'foni kudzera mu Google Maps kuti azigwira popanda data. Masiku ena onse m'tauni ndimayenda ndi kafoni, ndipo ndimayankha foni pamsewu wopanda mantha oti wina anditsomphola.

Nyengo ya madiresi a matric dance, phwando la ophunzira amene akumaliza sekondale, yayamba. Atsikana amasintha sitayilo kangapo pa sabata, choncho zosindikiza zakwera, mwezi uno zafika R90.

25 Seputembala: zisankho za kwathu

Ku Malawi anavota pa 16 Seputembala. Ife okhala kunja sitivota, koma mtima umakhala komweko, ndipo zotsatira zinatenga masiku. Magulu a WhatsApp anadzaza ndi manambala osadziwika kumene achokera, aliyense akulengeza wopambana wake. Ndinadziwa kuti ndikatsegula dilowa sabata imeneyi sinditsekanso.

Ndinagula kasipika ka Bluetooth ka R150. Foni inakhala m'dilowa momwemo, yokhoma, ikuulutsa Zodiak kudzera pa intaneti, ife n'kumamvera pa kasipika manja ali pa makina. Mawu okha sadya data ngati vidiyo, komabe ndinawonjezera bandulo ya R60. Shopu inasanduka pokumanira, a Malawi ogwira ntchito m'mashopu oyandikana ankabwera nthawi ya nkhomaliro kudzamvera nawo.

Dzulo pa 24 linali tsiku la Heritage Day kuno, tchuthi chokondwerera chikhalidwe, ndipo tinatsegula theka la tsiku kuti anthu atenge zovala zawo za shweshwe. Tsiku lomwelo a Lazarus Chakwera anavomereza kuti agonja, ndipo madzulo bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apambana. Foni ndinapita nayo kunyumba usiku umenewo kuti timvere limodzi ndi mayi a kunyumba. Lero m'mawa yabwerera m'dilowa.

4 Okutobala: kuwerengera

Zogula kamodzi: kafoni R329, wotchi R75, kope R28, kapulasitiki ka SIM R10, loko ndi kachitsulo kake R75, kasipika R150. Zonse pamodzi R667. Zotayika zimene ndikuzidziwa: R160 ya mazipi ndi ulusi, ndi makatani aja a R2,500.

Pamwezi kale ndinkawononga pafupifupi R450. Tsopano data yanga ndi R150, mayunitsi R120 poti ndimaimba kwambiri, ya mayi a kunyumba R100, ya mchemwali wanga R40, zosindikiza cha m'ma R60. Zikukwana R470. Amene akufuna kuchita izi kuti asunge ndalama adziwiretu kuti kwa ine sizinatsike. Chimene chatsika ndi maola: Digital Wellbeing ikusonyeza osapitirira ola limodzi ndi theka masiku a ntchito, Lamulungu kupitirirako pang'ono chifukwa cha foni ya amayi.

Zotsala kukonza zilipo. Mabatani a kafoni ayamba kufufutika manambala, ndipo kope la manambala likufunika lina loti lizikhala kunyumba, kuopa kuti limodzi lingatayike. Mnzanga wosunga kiyi akupita kumudzi mwezi wamawa, ndiye ndiyenera kupeza wina womusiyira. Mu Disembala nafenso tikukwera basi pa Park Station kupita ku Balaka. Mafoni onse awiri ndidzayenda nawo, chifukwa tikiti ndi mauthenga a makasitomala zili m'yaikulu. Sabata ino ndikafunsa ngati SIM ya m'kafoni ingamalandire ma SMS a banki ndili ku Malawi, ndipo yankho la pa WhatsApp Business ndidzalisintha kuti lizinena tsiku lotsegulira shopu mu Januwale.